Matumba a Nangozo Amene Ndinadula

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha foni. Ndinkajambula anzanga a kwaya, ndiye a Chimbalanga, eni situdiyo ina pa Ntcheu Boma, ataona zithunzizo anati ndikayambe Lolemba. Miyezi itatu ndinali wonyamula thirayipodi yoimikapo kamera, kutchaja mabatire ndi kupukuta malenzi. Kamera ndinkaigwira iwo akapita kukadya.

Tsiku lina bungwe lina la ku Lilongwe linafuna zithunzi za alimi. Abwana anali ndi ukwati woti akajambule, choncho ananditumiza ndekha ku Mlangeni. Ndinapeza a Nangozo, mayi wamasiye, akukumba kachewere. Kumbuyo kwawo kunali matumba khumi ndi awiri osoka kale, akudikira lole.

"Tadikirani kaye, mwananga, ndikasambe, ndivale chitenje cha ku tchalitchi," anatero. "Munthu sajambulitsa ali mbuu chonchi."

Ine ndinkaopa kuti kuwala kundithawa. Ndinawanamiza kuti ichi n'chongoyesera. Anaseka, ndinadina. Ndinadinanso atasiya kuseka, akupukuta thukuta.

Ku situdiyo abwana anaima kumbuyo kwanga, maso pa laputopu. "Chosekacho ayi, tenga chinacho. Dula matumbawo, nkhope ide pang'ono. Mabungwe sagula munthu wokhuta." Ndinadula ndi dzanja langali, ndipo ndinanyadira kuti chatuluka bwino.

Patatha miyezi iwiri nkhope ya a Nangozo inali pa mapositala m'magolosale, pamwamba pake mawu opempha chithandizo cha anjala. Pansi panali dzina la a Chimbalanga. Ndinapsa mtima kwambiri, koma osati chifukwa cha mayiwo ayi. Chinandiwawa n'chakuti dzina langa panalibe. Uchitsiru umenewo umandinyansa mpaka lero.

Lachisanu lina m'mawa a Nangozo anatsika pa kabaza pakhomo pa situdiyo, atavala chitenje chija ndi duku loyera, positala itapindidwa m'manja. Abwana anatulukira khomo lakuseri, ati akukagula mayunitsi.

"Asewere anga anditumizira ufa," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Ine Nangozo, ufa wachifundo? Matumba anga munawasiya kuti?"

Ndinatsegula laputopu n'kuwaonetsa chithunzi chonse, chisanadulidwe. Anawerenga matumbawo ndi chala pagalasi, limodzilimodzi.

"Ndiye analipo," anatero. Kenako anakonza duku. "Lero ndasamba. Jambulani."

Ndinaimika thirayipodi n'kuwajambula. Ndinasindikiza chachikulu, pa pepala lonyezimira, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anachiyang'ana, n'kuchisiya patebulo.

"Sungani. Anthu anaona kale chinacho."

Ku situdiyoko ndinachoka mwezi womwewo. Lero zithunzi ndi mavidiyo anga amaonetsedwa m'mizinda, ndipo ena amandinena kuti ndimachedwa. Inde, ndimachedwa. Munthu akati akasambe kaye ndimakhala pansi, kuwala kuthawe ngati kukufuna. Ndisanadule kanthu ndimamuonetsa mwiniwake. Chithunzi chimene anandisiyira patebulo chija chili pamwamba pa desiki yanga, ndipo ku Mlangeni palibe wina amene anachionapo.