Mwana wa a Nabanda

Ndikati ndiwakumbukire a Sitefano, chimayamba kundifika ndi fungo lowawasa la mankhwala otsukira zithunzi, lomwe linkatuluka m'kachipinda kawo kopanda zenera n'kudzasakanikirana ndi utsi wa zitsononkho pakhomo pathu ku Domwe. M'mawa wozizira, nkhungu isanachoke m'minda ya kachewere, ndinkawamva kuseri kwa mpanda akukhosomola, akukhuthula madzi a m'mabeseni, kenako akuyanika zithunzi zonyowa pachingwe.

Anali aneba athu, munthu wamtali, woyera khungu. Bambo awo anali Mpwitikizi wa sitolo amene anabwerera kwawo osawatenga, mayi awo anali a Nabanda a ku Lifidzi. Anthu ankawatchula Mzungu, ngakhale ankalima nyemba ngati wina aliyense. Inenso ndinali ndi langa dzina. Ndinabadwira kutsidya kwa malire, ku Dedza, kumene amayi anathawira nkhondo ali ndi pakati, ndipo titabwerera, anzanga ophunzira nawo ku sikola ankandiitana Mmalawi chifukwa ndinkawerenga manambala m'Chingerezi.

Pojambula munthu sankapupuluma. Ankamukhazika pamthunzi wa mpichesi, n'kuimika lata lonyezimira pambali kuti kuwala kubwerere pamasaya. Akuluakulu ankati pa ziphaso zakale munthu ankatuluka maso ndi mano okha.

"Makinawa anawapanga akuganiza nkhope zoyera," ankatero akusuntha latalo. "Ukawasiya okha, munthu wakuda samuona."

Loweruka ankapalasa njinga kupita kumalire ku Kalomwe, kukajambula osintha ndalama, onyamula matumba ndi amayi ogulitsa tomato. Nkhopezo ankazikhoma pakhoma la pabalaza popanda mayina, ndipo mlendo aliyense ankamufunsa kuti, "Tandilozerani, Mmalawi ndi uti apa?" Mlendo ankaloza motsimikiza, iwo n'kumwetulira, chifukwa nthawi zambiri ankakhala atasiyanitsa munthu ndi mbale wake wa bere limodzi.

Chaka chimene ndinkayenera kulemba ezame, mayeso aja a boma, aphunzitsi anati aliyense abweretse sedula, chikalata chosonyeza kubadwa. Ine ndinalibe. Ku ofesi mlembi anatiuza mofatsa kuti poti ndinabadwira kunja, pankafunika umboni woti makolo anga ndi a kuno. Mapepala a amayi anapsera m'nyumba nthawi ya nkhondo, ndipo abambo anaphedwa ine ndisanabadwe. Popanda sedula, sikola yanga inali kuthera pomwepo.

Amayi anafotokoza nkhaniyi pampanda, akupeta nyemba. A Sitefano anasuzumira pampandapo n'kufunsa.

"Kodi mayi, ukwati wanu sunali ku Lifidzi, chaka chija matalala anawononga mbewu?"

"Eya, bambo, chaka chomwecho."

Masiku awiri sanajambule munthu. Anali m'nyumba, akufufuza m'bokosi lachitsulo limene analikwirira m'dimba nkhondo yonse. Tsiku lachitatu anadzagogoda atanyamula chithunzi cha mbee m'mbali. Panali amayi ali mtsikana pakhomo la tchalitchi, ndipo pambali pawo mnyamata wovala jekete la manja aafupi, makutu otambasuka ngati anga. Amayi anapukuta manja pachitenje, kuchilandira ndi manja awiri, n'kukhala pansi padothi. Aka kanali koyamba kuti ndione nkhope ya abambo.

M'mawa mwake a Sitefano anatiperekeza ku ofesi pamodzi ndi akatekisita okalamba amene ankaoneka kumbuyo pachithunzicho. Mlembi ataona a Sitefano anaimirira, kuwapatsa mpando, n'kuwafunsa m'Chipwitikizi kuti anachokera dziko liti.

"Ndine mwana wa a Nabanda," anayankha m'Chinyanja, osakweza mawu. "Manda a amayi ali ku Lifidzi. Mpandowu akhalepo akatekisita, ndiwo aakulu."

Mlembi anachita manyazi pang'ono, koma anamvetsera mboni zonse ziwiri, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana makutu anga, n'kutsegula buku lake. Patatha milungu ingapo sedula inatuluka.

Pochokera ku ofesi tsiku la umboni lija, amayi ndi akatekisita atatsogola, ndinalimba mtima.

"Agogo, sizimakuwawani akamakutchulani Mzungu?"

"Zinkandiwawa, mwanawe. Kwa abale a bambo ndinali wakuda, kuno ndine woyera. Ndiye ndinakaima kumbuyo kwa makina. Kumeneko ndine amene ndimayang'ana."

Anayenda pang'ono akukankha njinga, kenako anawonjeza kuti, "Koma iwe usabisale ngati ine. Ukalembe ezameyo."

Ndinalemba, ndipo lero ndine mphunzitsi. A Sitefano anamwalira ndili kumaphunziro. Akuti pamaliro anakhuthula bokosi lonse kufunafuna chithunzi chawo choti aike pamtanda. Munali nkhope za mudzi wonse, amoyo ndi akufa, a mbali zonse ziwiri za malire, koma yawo munalibe.

Chithunzi cha ukwati chili pakhoma m'nyumba mwanga. Ana anga akandifunsa amene anachijambula kuti anali wotani, lilime limathamangira ku khungu lawo, monga ankachitira anthu onse. Ndimaligwira. Ndimawauza kuti anali aneba athu, mwana wa a Nabanda, ndipo ankadikira mpaka nkhope ya munthu ioneke.