Wotchi ya amuna anga

Amuna anga ankanyamula katundu ku bwalo la ndege ku Chileka, koma zidole ankazikonda ngati mwana. Wotchi yawo yoyamba inkangowerenga mapazi, ndipo inali yabodza. Akakwera kabaza m'mabampu, iyo inkati ayenda ulendo wautali. Ndinkawaseka mpaka misozi.

Atawapeza ndi BP anagula ina yoyeza kugunda kwa mtima. Yachitatu ndiye inawapengetsa, chifukwa inkalumikizana ndi foni. Foni ili m'thumba, iwo ankapalasa njinga akuyankhula ndi mkono wawo pamsewu anthu akuona.

“Mayi a kunyumba, ndadutsa pachigayo. Tenthetsani madzi.”

“Mukundichititsa manyazi inu,” ndinkatero, koma madziwo ndinkatereka.

Wotchiyo sinawapulumutse. Anagwa m'munda tikupalira, ili pamkono.

Pa tsiku logawa katundu, abale awo ochokera ku Lirangwe anayala zonse pamphasa. Ine ndinkafuna wotchi yokhayo, chifukwa lamba wake anali adakali ndi fungo la thukuta lawo. Koma wamasiye sayankhula pamenepo. Alamu anga, ang'ono awo a malemu, anaivala pompo. Ine anandisiyira foni ya malemu yong'aluka galasi.

Patapita miyezi ndinapita kumsika wa Lirangwe kukagulitsa nandolo. Mwadzidzidzi foni inanjenjemera m'chitenje, kunjenjemera kwakafupi kuja komwe inkachita wotchi ikayandikira, amuna anga akamatuluka kubafa. Ndinadzuka, nandolo n'kutayika, maso ali mwazumwazu kufunafuna munthu amene ndinamuika ndekha m'manda. Anali alamu, akudutsa ndi mbuzi, wotchi ija ili pamkono. Wotchi ndi foni zinali zisanaiwalane.

Sindinauze munthu. Tsiku la msika lililonse ndinkapita, ngakhale ndilibe chogulitsa, n'kukhala pafupi ndi pomwe amagulitsira mbuzi, dzanja lili pafoni. Ndinkadziwa kuti n'zopusa, komabe foni ikanjenjemera ndinkabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Tsiku lina alamu anandiona, nabwera akumwetulira.

“Alamu, mwaswera? Wotchi ija imandivuta, imangofuna foni ya achimwene. Ndaipititsa kwa okonza mafoni, afufutamo zonse. Pano ikugwira bwinobwino.”

Anatambasula mkono kuti ndione. Anaima pafupi kwambiri, moti ndinkaona pomwe lamba anaperepeseka ndi mkono wa amuna anga. Ndinafinya foni m'chitenje, kudikira.

Inangokhala chete. Mtima unandipweteka kuposa tsiku la maliro.

“Mwachita bwino, alamu,” ndinatero.