Gudumu la Njinga pa Mlongoti

Fungo la utsi wa koloboyi silinandichoke m'mphuno mpaka lero. Kwathu, kunsi kwa phiri la Domwe, kanyali kachitini kameneko kankatidetsa tonse. M'mawa tinkamina zakuda, ndipo mng'ono wanga Rozina ankatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Atate anali osoka zovala, ndipo chaka chimenecho anali ndi madiresi oyera a ana okabatizidwa ku mishoni ya Lifidzi. Popeza anali mkamwini, masana ankathera kudimba la apongozi awo kuthirira mbatata ya kachewere, makina n'kumawagwira dzuwa litalowa. Diresi lina litada ndi mwaye, mwini wake analibweza uku akulalata.

Inali nyengo ya mphepo, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Milomo inkang'aluka, miyendo ili mbuu, mapesi akuuluka pabwalo. Atate anamasula gudumu la njinga imene anabwera nayo ku Halale, nadula debe kukhala mapiko, n'kuwamangirira kumasipoko. Kachipangizo koyatsa nyali ya njinga, kamene ankakatcha dinamo, anakagunditsa kutayala. Zonsezo anazikweza pamlongoti wa bulugamu pafupi ndi khonde, waya n'kulowa m'nyumba kudzera kudenga.

Madzulo amenewo gudumu linazungulira likulira kwee kwee, ndipo kababu kanayaka pamwamba pa makina. Mphepo ikakalipa kankawala kwambiri, ikapuma kankasinza. Panalibe utsi, panalibe fungo, panalibenso zothamangira kukantina kukagula mafuta. Rozina anayesa kukauzira kuti kazime, tonse n'kufa nazo ziseko. Mphepo imene tinkaitukwana m'mawa uliwonse inali italowa ntchito kwa atate popanda kupempha phoso.

Koma atsibweni a Zakariya, achimwene awo a amayi, sizinawakomere. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo kwathu mkamwini sankazika chinthu m'nthaka ya eni. Ngakhale mtengo wa mango sankadzala. Atsibweni anatumiza mawu kawiri kuti mlongoti ugwe, apo ayi atate amange katundu. Kachitatu anabwera okha m'mawa, nkhwangwa ili paphewa.

"Alamu, lero mwazika mlongoti, mawa mudzati pamudzi pano ndi panu," anatero. "Chotsani, kapena ndichotse ndine."

Atate anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira: munthu woti wagwira mphepo ndi manja ake, n'kumaima ngati wagwidwa akuba nkhuku! Amayi ankapeta nyemba kuseri. Anaika lichero pansi, nabereka Rozina, n'kukatsamira mlongotiwo.

"Achimwene, dzenje ili ndinakumba ndine, panthaka ya amayi athu," anatero osakweza mawu. "Mwana wanga wasiya kutsokomola. Temani ngati mwafuna. Koma ukagwa mtengowu, ine ndipita kuchitengwa, kwawo kwa bambo wa ana awa, ndi ana anga onse. Mudzakhale mwini mbumba wa mbuzi."

Anthu anali atayamba kusuzumira m'mipanda. Atsibweni anayang'ana gudumu, nayang'ana amayi, nandiyang'ananso ine nthawi yaitali. Analibe mlongo wina. Amayi anali okha. Atsibweni anatsitsa nkhwangwa, nanena kuti chinthucho chikangogwera munthu mlandu udzakhala wathu, n'kubwerera akung'ung'udza. Gudumu linazungulira mpaka mvula yoyamba, madiresi onse anapita ku Lifidzi ali oyera, ndipo mwini kantina anatuma munthu kudzafunsa ngati atate angamumangire lake.

Ine ndinkayesa kuti atsibweni anaopa gudumulo, kuti mwina linali ndi mankhwala, ndipo ndinkawaopseza nalo anzanga. Ndinkayesanso kuti kwawo kwa atate kunali mudzi waukulu wotidikira, moti ndinadandaula pang'ono kuti ulendo walephereka. Ndinali mayi wa ana anga pamene ndinadziwa zoona zake. Abale onse a atate anali atawoloka malire n'kuthawira ku Nyasalande kalekale, kuopa chibalo, ntchito yokakamiza ya atsamunda, ndipo pamudzi pawo panali patamera udzu. Amayi ankadziwa zimenezo m'mawa uja. Anatsamira mlongoti, mwana ali kumsana, n'kuopseza achimwene awo ndi ulendo, alibe kolowera.