Nyumba ya Chumuni ku Namwera

Pamene ndinkapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinali ndisanagonepo m'nyumba yangayanga. Zaka zonse ndinkakhala m'nyumba za sukulu, zomwe chitseko chikathyoka umadikira komiti. Kwathu ndi ku Lungwena, kunyanja, koma sukulu yanga yomaliza inali kufupi ndi Namwera, ndipo mkazi wanga anali atazolowera msika wa kumeneko, komwe ankagulitsa usipa ndi utaka wouma umene achimwene ake ankamutumizira. Tinagwirizana zogula nyumba konko. Mayi anga okalamba tinkakhala nawo, ndiye tinkafuna ya zipinda zitatu.

Nthawi imeneyo ku Namwera kunali bwana wina amene anthu ankamukamba kwambiri. Anali mwana wa konkuno, wa mlimi wa fodya, koma anakhala zaka zambiri ku Mangalande, m'katauni kakang'ono komwe ankasamalira nkhalamba za azungu. Ntchitoyo ine sindiinyoza. Ankainyoza ndi iye mwini, chifukwa ukamufunsa ankangoti anali m'zachipatala, uku akuyang'ana kumbali. Atabwerako anagula malo kuseri kwa msika n'kumangapo nyumba zinayi zolumikizana khoma ndi khoma, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi.

Tsiku lotionetsa nyumba anayamba ndi zithunzi za pafoni. Anationetsa msewu umene ankakhalako, tchalitchi chamiyala, msika womwe ankati umachitika Loweruka lokha, wopanda ntchentche. Anati nyumba zakezo anazijambula kuchokera kumeneko, njerwa ndi njerwa. Kenako anatitsegulira. Pabalaza panali kapeti ndi malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni. Kubafa kunali chibeseni choyera choti munthu azigonamo posamba, chikhalirecho madzi a m'mipope ku Namwera amabwera akafuna. Chitseko chakumaso chinali ndi kabowo kopingasa, koponyerapo makalata. Khonde kunalibe. Khitchini yapanja kunalibe. Kutsogolo kwa nyumba zonse zinayi kunali kapinga wometedwa bwino.

Mkazi wanga anazungulira nyumba yonse, kenako anandikokera pambali. "Bambo, nanga mbaula ndiziyika pati?"

Ndinamuuza kuti asatichititse manyazi. Pamenepa ndisaname: uchitsiru unali wanga. Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa ana za mayiko a azungu ndisanaonepo ngakhale bwalo la ndege, ndiye nditaona chumuni chija mtima unandiuza kuti ndafika. Ndinkaganiza za aphunzitsi anzanga akubwera kudzandiona, akuyang'ana padenga. Ndinagula.

Nyumba ziwiri zakumapeto sizinapeze wogula. Bwanayo ankakhala m'nyumba yolumikizana ndi yathu, ndipo khoma lotilekanitsa linali la njerwa imodzi. Akatsokomola tinkamva. Panja ankayankhula Chingerezi chokhachokha, ngakhale kwa mayi wogulitsa tomato, ndipo Chichewa ankachitafuna ngati chamuwotcha lilime. Koma akalowa m'nyumba n'kuimba foni, tinkamva Chiyao chosalala, cha kumudzi kwenikweni, choposa changa. Mayi anga ankatsamira khoma n'kumaseka okha.

Mwezi wa Juni kutazizira ndinati tiyese chumuni. Ndinasonkha nkhuni, ndinayatsa. Utsi wonse unadzaza m'nyumba mpaka tinatulutsa mayi anga atanyamulidwa pampando. Mmisiri amene anamanga ndinakamupeza kumsika, ndipo anandiuza mosabisa kuti iye anangoonetsedwa chithunzi. Pachithunzi sipankaoneka kuti chinthucho chimakhala ndi bowo mpaka pamwamba. Anachidzaza ndi zidutswa za njerwa kuti chilimbe.

Kenako makalata anayamba. Munthu amene tinkagawana naye khoma, amene tinkamva ngakhale supuni yake ikugunda kapu, sankagogoda. Ankalemba pa pepala, m'Chingerezi, n'kuponya pa kabowo kaja. Kalata yoyamba inali yoti zovala zisayanikidwe kumaso. Yachiwiri inali ya nkhuku ziwiri za mayi anga. Yachitatu inali ya fungo la usipa, lomwe ankati likutsitsa ulemu wa dera. Nditapita kukakambirana naye anandiimika pakhomo, n'kundiuza kuti kumene iye anakhala anthu safika pakhomo pa mnzawo asanapangane tsiku. Ndinamufunsa kuti nanga munthu akadwala mwadzidzidzi amatani. Anati amaimbira ambulansi.

Nkhuku tinadya. Usipa mkazi wanga anayamba kuusungitsa kumsika. Mbaula inkayaka kuseri, pakampata pakati pa khoma ndi mpanda, pomwe mvula ikagwa ankaphika atagwira ambulera. Chibeseni choyera chija tinkasungiramo madzi a pamjigo. Zonsezi tinapirira chaka ndi miyezi.

Mayi anga anamwalira Lachinayi m'mawa, itangotha swala ya m'bandakucha kumzikiti. Tinagwirizana kuti tikawaike kwathu ku Lungwena tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chathu, ndipo amjomba, mlongo wawo wa mayi anga, anakwera njinga yamoto kuchokera kunyanja kudzatsogolera mwambo. Podikira lole anthu anayamba kusonkhana. Anabwera azimayi a kumsika, shehe ndi anthu a kumzikiti, aphunzitsi, ndi ena omwe ndinawaphunzitsa kalekale, tsopano a ndevu zawo. Azimayi anadzaza pabalaza pomwe panagona thupi. Ena onse, poti khonde kunalibe, anakhala pa kapinga, mpaka kukafika kumaso kwa nyumba ya bwanayo.

Cha m'ma teni koloko chitseko chake chinatseguka. Anatuluka atavala kabudula woyera, n'kudutsa pakati pa anthu osagwada, osapepesa, osapereka salamu. Anafika pa chitseko chathu, chomwe chinali chotsekedwa chifukwa azimayi ankakonza thupi, n'kuponya pepala pa kabowo. Linagwera m'kati, pafupi ndi mapazi a malemu.

Mkazi wanga analitola, anatuluka nalo n'kundipatsa osandiyang'ana. Ndinafuna kuliika m'thumba, koma amjomba anali ataona. Iwo ankaganiza kuti ndi chipepeso, ndiye anandiuza kuti ndiwerenge mokweza kuti anthu amve, monga timachitira ndi uthenga wa pamaliro.

Ndinawerenga, ndikumasulira mzere ndi mzere. Kalatayo inkati mwini wake akumva nafe chisoni, koma akupempha kuti alendo athu achoke pa kapinga, chifukwa udzuwo anauitanitsa kutali ndipo sufuna kupondedwa. Inkatinso misonkhano ya anthu ambiri iyenera kudziwitsidwa pasadakhale.

Shehe anaweramitsa mutu. Amjomba anandifunsa motsitsa ngati ndawerenga bwino, ndipo nditavomera anangoti, "Ndiye mlongo wanga akanayamba walemba kalata kuti amwalira Lachinayi?"

Pakati pa azimayi omwe anakhala panja panali gogo wina wamng'ono thupi, wovala mpango wakuda, amene ine sindinkamudziwa. Anaimirira movutikira, atagwira bondo. Woyandikana nane anandinong'oneza kuti amenewo ndi mayi ake a bwanayo, ndipo anayenda wapansi kuchokera kumudzi kwawo atamva za maliro, chifukwa ankakumana ndi mayi anga kumzikiti. Anapita pa chitseko cha mwana wawo. Sanagogode. Anamuitana ndi dzina lake laubwana, kamodzi kokha.

Atatuluka, anamuyankhula m'Chiyao, osakweza mawu, koma tonse tinamva. Anamufunsa kuti bambo ake atamwalira iye ali kunja, akuganiza kuti anawanyamula ndani. Anamuuza kuti ena mwa anthu amene akhala pa udzu wakewo ndi omwe anakumba manda aja, pomwe iye anangotumiza uthenga pafoni. Kenako anamulozera pansi.

Anakhala. Bwana wa ku Mangalande anakhala pa kapinga wake, kabudula woyera ali pa dothi lonyowa, pakati pa wogulitsa makala ndi wokonza njinga, mpaka lole inafika. Ponyamula jeneza, chonyamulira maliro, mayi ake anamuyang'ananso, ndipo iye anaikapo phewa. Sindinamumvere chisoni. Ndinali ndi chisoni changa, ndipo kunena zoona mkwiyo wanga waukulu unali pa ine ndemwe, amene ndinalowetsa mayi anga m'nyumba yopanda pokhala anthu owalira.

Titatha sadaka ya masiku makumi anayi ndinaitana mmisiri yemwe uja. Tinazula kapinga wa kumaso kwathu n'kumanga khonde lalikulu la malata, ndipo kuseri tinagwetsa mpanda n'kumanga khitchini. Bwanayo ankayang'ana pazenera. Sanalembenso kalata, komanso sanandipatsenso moni mpaka kuchoka kwake. Chaka chotsatira anabwerera ku Mangalande. Ndimamva kuti kumeneko amadandaula kuti azungu ndi anthu ouma mtima, munthu ukhoza kufera m'nyumba sabata yathunthu anzako osadziwa.

Nyumba zake zitatu anazisiya m'manja mwa mphwake, amene anazibwereketsa kwa ochita malonda a chimanga ndi nandolo odutsa malire a Mozambiki. Panopa ndi mosungira matumba, ndipo makoswe ake amabwera kwathu kudzera kudenga.

Mkazi wanga amafuna tigulitse tibwerere ku Lungwena. Ndayesapo kawiri. Womaliza kudzaona anali mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, yemwe zinthu zamuyendera, ali ndi mkazi wake. Anayamikira khonde, analowa m'zipinda, kenako anayeza chitseko ndi manja n'kupeza kuti njinga yake singalowe. Anati aganizire kaye, ndipo papita miyezi isanu.