Miyala ya a Nedson Kachiwanda

A Nedson Kachiwanda anabadwira m'mudzi wina m'tsinde mwa phiri la Ntchisi, ndipo chuma chimene makolo awo anawasiyira chinali msana ndi kamunda basi. Sukulu anangoilawa. Ndevu zitayamba kumera anatsikira ku Madisi, komwe anatha zaka zambiri akukweza matumba a chimanga ndi mabelo a fodya m'malole. Belo limene anzawo ankagwirizana awiri, iwo ankalinyamula okha uku akuimba nyimbo za kutchalitchi. Kumeneko ndi kumene anapeza mkazi, a Roza, amene ankagulitsa zitumbuwa pasiteji, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Debora.

Imvi zitayamba kuoneka, amalonda anayamba kukonda anyamata. A Nedson sanadikire kuti achite kuuzidwa. Anatenga banja lawo n'kubwerera kumudzi kukalima mtedza ndi mbatatesi pakamunda ka malemu mayi awo. Nthawi imeneyo alendo anali atayamba kuchuluka kunkhalango ya paphiri. Poyamba ankabwera azungu okha, koma kenako ngakhale achinyamata a ku Lilongwe ankafika Loweruka ndi matenti awo, kudzakwera phiri ndi kugona m'thengo. Mwini malo ena ogona alendo kumeneko ankafuna anthu onyamula katundu, ndipo a Nedson anapezanso ntchito yowayenera.

Ankaikonda ntchitoyo. Sankamvetsa chimene chimachotsa munthu pabedi labwino kuti akagone pamizu, koma sankaseka aliyense. Ankasangalala kuona alendo akuima kukamwa yasa pansi pa mikuyu italiitali, kapena akuloza anchima akudumpha m'nthambi. Mlendo akatopa, iwo ankamulanda chikwama n'kuchisanjika pamwamba pa chawo. Madzulo ankafotokozera a Roza zonse, mpaka mtundu wa nsapato za alendowo.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala kunabwera gulu la anyamata ndi atsikana ogwira ntchito pakampani ina mumzinda. Wowatsogolera anali Agustino, mnyamata wonenepa, wa mawu aakulu, amene sankatha kukhala osaseketsa anzake. Wolondolera njira anali Kezia, mwana wa achimwene awo a Roza, yemwe anali atangoyamba kumene ntchitoyo. A Nedson anapatsidwa chikwama chachikulu cha matenti ndi mapoto.

Pamalo oyamba opumira, Agustino anawatuma kuti akatunge madzi pakamtsinje. Atabwerera n'kusenzanso chikwama, anamva ngati chalemerako, koma anati mwina ndi dzuwa. Pamalo achiwiri anawatuma kukadula ndodo. Pena anawatuma kukayang'ana chipewa chimene ankati chagwa m'njira. Nthawi iliyonse akachoka, anyamatawo ankatsegula chikwama n'kuponyamo mwala, wina akujambula pafoni. Kezia anaziona. Agustino anangoika chala pakamwa, ndipo mtsikanayo anayang'ana kumbali.

A Nedson sanaganizeko zoti munthu angachite zotero. Chimene anaganiza n'chakuti ukalamba wawapeza lero, pamaso pa alendo. Malamba a chikwama ankawadya m'mapewa, thukuta linkalowa m'maso. Ankapemphera chamumtima kuti Mulungu awabisire manyazi amenewa mpaka afike pamwamba. Mtsikana wina atawafunsa ngati ali bwino, anayankha kuti katunduyo ndi wopepuka ngati thonje, ndipo kumbuyo kunamveka kuseka kotsekereza. Pachitunda chomaliza, pamene njira imadutsa pamizu yoterera, anaponda molakwika n'kumva chinthu chikuduka m'chiuno. Sanagwe. Analuma mano n'kumalizitsa.

Atafika pamalo omanga matenti, Agustino anaitana onse kuti azungulire, n'kuwauza a Nedson kuti akhuthule chikwamacho. Miyala inagubuduzika pa udzu, ina yaikulu ngati mutu wa mwana.

"Madala, tinamva kuti mukumanga nyumba," anatero Agustino. "Ndiye takuthandizani ndi maziko."

Gulu lonse linafa nako kuseka, mafoni ali m'mwamba. A Nedson anayang'ana miyalayo, anayang'ana Kezia, kenako nawonso anaseka, monga amasekera waganyu bwana akaseka. Anamanga matenti, anatola nkhuni, anakoleza moto, akukoka mwendo umodzi.

Kutacha analephera kudzuka. Alendo anali pachangu chifukwa ankafuna kukafika mumzinda kusanade. Anagawana katundu akung'ung'udza kuti analipirira wonyamula koma akunyamula okha, ndipo anatsika. Kezia anawasiyira botolo la madzi n'kulonjeza kuti atumiza anthu. A Nedson anagona pamenepo dzuwa likuwawomba, linthumbu likuwayenda m'miyendo, mpaka masana pamene amuna a m'mudzi anafika ndi machira.

Kuchipatala ku Mtengowanthenga anawasamalira, koma dokotala sanawabisire. Anati msana wavulala moti asadzayerekezenso kunyamula ngakhale ndowa ya madzi.

Pamene ankatuluka m'chipatala, kanema uja anali atawatsogolera kale. Anali m'mafoni a ku Madisi, ku Mponela, mpaka kumudzi kwawo. Wina anali atamuikira nyimbo yovinira. Anzawo akale okweza mabelo, amene kale ankawapatsa ulemu, ankaonetsana kanemayo pasiteji akugwirana m'mapewa. Dzina la Kachiwanda linatha, anthu n'kuyamba kuwatchula kuti a Miyala. Ana ankawazembera pakhonde n'kuwaponyera timiyala m'thumba la jekete. Ngakhale pa Misa, akamapita kukalandira atatsamira ndodo, ankamva kunong'ona m'mabenchi. Debora, amene anakwatiwa ku Nachisaka, anatopa ndi chipongwe cha azilamu ake, ndipo anasiya kubwera kudzawaona.

Chimene chinkawawawa koposa msana chinali kuseka kwawo kuja. M'kanemamo munkaoneka bwinobwino mano awo ali pamtunda, ndipo aliyense amene ankafuna kudzikhululukira ankati, nanga si eni akewo ankaseka. Mwini malo ogona alendo ananenanso zomwezo a Roza atapita kukadandaula. Anati zinali nthabwala chabe, ndipo munthu wamkulu akanatha kunena kuti katundu wamulemera.

Mkwiyo umene unasowa kopita unatsikira pa a Roza. Munthu amene kale sankakweza mawu anayamba kutukwana chifukwa cha ndiwo zosakolera mchere. Tsiku lina anawagenda ndi ndodo yawo yoyendera. Kezia atabwera ndi paketi ya shuga kudzapepesa, anamuthamangitsa n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhomopo. A Roza anatola shugayo pamene anagwera n'kukamusunga, chifukwa m'nyumbamo munalibe wina. Munda unali utawatsalira okha, ndipo chaka chimenecho mtedza sunachite bwino. Nawonso mtima unauma. Ankawaikira chakudya pansi osalankhula, n'kutuluka.

M'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe itatheratu, Kezia anabweranso. Anaima patali n'kulankhula ndi azakhali ake. Anati mwini malo ogona alendo uja wamutuma: alendo ambiri akumafunsa za mdala wa miyala uja, ndipo akufuna kujambulitsa naye. Ntchito yake ndi yongokhala pachiyambi pa njira Loweruka ndi Lamulungu, chikwama chili pambali. A Nedson anamva zonse ali m'nyumba, ndipo anakuwa kuti bola kufa.

A Roza analowa n'kuima pakhomo.

"Bambo a Debora, anthu akusekani kale dziko lonse popanda chimene tapezapo. Pitani akakusekeni tidye."

 Loweruka lotsatira a Nedson anavala jekete yawo n'kupempha mnansi kuti awakweze panjinga.

Mpaka lero, wopita kukakwera phirilo amawapeza pamenepo, atakhala pachitsa pansi pa mtengo. Chikwama anachidzaza udzu kuti chizioneka chotupa, ndipo pambali pake anawaunjikira miyala. Alendo amasinthana kukhala nawo, ena amanyamula mwala n'kuuika pamwamba pa mutu wawo pojambulitsa.  Gulu likalowa m'nkhalango a Nedson amalitsatira ndi maso mpaka litabisika m'mitengo, poti iwo sanapondemonso chivulalire.

Chaka chatha Agustino anabweranso ndi anzake atsopano. Anawaonetsa mdalayo monyadira, n'kufotokoza nkhani yonse kuyambira pamwala woyamba, koma dzina lawo anali ataliiwala. Pojambula anaona kuti nkhope ya a Nedson yalowa mumthunzi, ndipo anawauza kuti asunthire padzuwa. A Nedson anagwira ndodo, anadzikoka pang'onopang'ono, n'kusunthira padzuwapo.