Shuga wa m'chitini cha amayi

Amayi anali namwino. Atamwalira anasiya chitini cha mabisiketi chomwe sichinkatsala pa ulendo uliwonse wa bambo. Munkakhala bandeji, thonje, pulasitala, kalumo, kabotolo ka jivi wopaka pabala, mapini ndi mapiritsi a mutu. Bambo, mphunzitsi wopuma, sankadziwa kukhala pansi. Loweruka akwera phiri kukaona mitengo yomwe anabzala ndi ana asukulu kalekale, Lamulungu ayenda wapansi kuchoka ku Bembeke kukazonda odwala kumidzi. Iwonso anali wodwala, matenda a shuga, jakisoni m'mawa ndi madzulo. Zonsezi ankayendetsa ndi amayi. Ine ndinkangomvera patali, ndili kuntchito ku Lilongwe.

Pasaka woyamba amayi kulibe ndinabwera kwathu ndi mtima wodzakonza zinthu. Ndine wotero, sindibisa: ndikalowa m'nyumba ya munthu maso anga amathamangira pomwe pali fumbi. Lachinayi masana ndinakhuthula chitini chija patebulo. Chinali chachikulu, chadzimbiri m'makona, ndipo bambo ankachinyamula m'jumbo, chikungosokosera njira yonse. Ine ndinali nditagula kathumba ka zipi kokwana m'jekete. Mapiritsi otha nthawi ndinataya, bandeji ndinadula pakati, jivi ndinamusiya poti amadetsa zovala. Pansi penipeni ndinapeza kapulasitiki komanga ndi ulusi, muli shuga wokwana masupuni atatu, ndi masiwiti anayi omatana ndi mapepala ake.

Mtima unandipsa. Munthu wodwala shuga kubisa masiwiti m'chitini cha mankhwala! Ndinati amayi angopita kumene, madala ayamba kale kuba. Sindinawafunse. Shugayo ndinathira mu tiyi wanga, masiwiti ndinataya kudzala. Kathumba kanatseka bwinobwino, ine ndikunyada.

"Kapepuka bwanji!" anatero bambo akukayeza m'manja. "Zonse zalowa, mwana wanga?"

"Zonse zofunika, bambo."

Anakaika m'jekete osatsegula.

Lachisanu Loyera kwathu timachita Njira ya Mtanda pakaphiri kakuseri kwa midzi, ndipo tsikulo anthu amasala kudya. Bambo anabaya jakisoni wawo, namwa tiyi ndi kachidutswa ka buledi kosakwana dzanja. Amayi akanawakhazika pansi mpaka atadya. Ine ndinaona, koma sindinadziwe kuti ndaona chiyani.

Kunali nkhungu, udzu uli wonyowa mpaka m'maondo. Pa mtanda uliwonse tinkagwada, kupemphera, kudzuka, n'kumakwera tikuimba. Pa mtanda wachisanu ndi chiwiri onse anadzuka, bambo anatsala chigwadire. Ndinayesa akupempherera amayi, ndipo ndinawasiya pang'ono. Nditawagwira paphewa, thukuta linali likutsika m'khosi mwawo, kuzizira konse kuja. Anandiyang'ana ngati mlendo, nanditchula dzina la amayi, akupapasa jekete.

Nyimbo inaduka. Ena ankati ndi mtima, ena ankawakupiza ndi chitenje. Mayi wina wachikulire anadutsa pakati pa anthu. Anali namwino mnzawo wa amayi, anagwira ntchito limodzi zaka zambiri.

"Shuga watsika," anatero. "Chitini chili kuti? Anzanga aja sankalephera kuikamo shuga."

Ndinasolola kathumba kaja. Namwino uja anakakhuthulira paudzu: bandeji, thonje, kalumo, mapini. Anafufuza ndi chala, nandiyang'ana.

"Ndani ali ndi chotsekemera?" anakuwa.

"Iyayi amayi," anayankha bambo wina, "awa amadwala shuga. Mukufuna kuwapha?"

Ndinamva nzeru zanga zomwe zija zikutuluka pakamwa pa munthu wina. Komanso tsiku losala, ndani akanatenga chakudya kuphiri? Anthu ankangoyang'anana, bambo mutu ukugwera pachifuwa. Kenaka mayi wina wamwana kumsana anatulutsa botolo la thobwa pansi pa chitenje, mwamanyazi ngati wagwidwa.

"Ndikuyamwitsa," anatero, ngati akupepesa.

Namwino uja anawamwetsa bambo pang'onopang'ono, ine nditawagwira mutu. Lina linkatayikira pamalaya. Sindidziwa panapita nthawi yotani, koma maso awo anabwerera, nafunsa chifukwa chomwe tasiyira kuimba.

Namwino sanawachitire chisoni. "Aphunzitsi, shuga wa anzanga uja munapita naye kuti?"

Bambo anayang'ana zinthu zanga zili mbwee paudzu. Anandiyang'ananso ine, kanthawi kochepa chabe.

"Ndinadya," anatero. "Masiwiti aja ankandiyang'ana kwambiri."

Anthu anaseka kwambiri, poti mantha anali atangowachoka. Ine ndinatola bandeji ndi mapini. Ndinati ndinena tikafika kunyumba.

Nkhani sigona. Madzulo omwewo inali itawapeza achimwene anga ku Blantyre, ndipo iwo akalamula, alamula. Anati munthu wodya yekha mankhwala ake ngati mwana sangamayendenso yekha m'mapiri. Anauza aneba, anauzanso a kutchalitchi kuti akawaona panjira aziwabweza. Bambo sanatsutse. Mitengo yawo ija sanakaionenso.

Ndayesapo kawiri kuiyamba nkhaniyi ndi iwo. Ulendo woyamba anati tiyi wanga akuzizira. Wachiwiri anandifunsa za mvula ya ku Lilongwe. Manyazi amandidya, ndipo nthawi zina ndimawakwiyira chifukwa chondikomera mtima chotere, osandipatsa ndi mpata wopepesa.

Ndikabwera kwathu ndimawapeza pakhonde, nkhope italoza kuphiri, jekete atavala ngati munthu wa paulendo. Kathumba kaja kamakhala m'thumba. Ndimakatsegula ulendo uliwonse, n'kuona ngati shuga amene ndinabwezeramo alimo. Amakhalamo, wosakhudzidwa, poti kuchoka pakhonde kufika kukhitchini ndi mapazi khumi. Achimwene sindinawauzebe.