Phazi la Pachitseko cha Filiji

Pachitseko cha filiji ya Anti panali phazi. Linali phazi la mwana, lojambulidwa ndi cholembera cha buluu papepala lamizeremizere lothotholedwa m'kope, ndipo linkagwiridwa ndi kamaginito kooneka ngati nsomba. Wojambulayo ayenera kuti anaphonya pang'ono, chifukwa pa chala chachikulu mzere unadutsapo kawiri. Pachidendene panali kabanga kofiirira, dothi la kumene mwanayo anaponda asanakwere papepalapo. Ndikatsinzina lero ndimaliona phazilo bwinobwino, pomwe nkhope za anzanga a m'kalasi chaka chimenecho ndinaziiwala zonse.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tinkakhala kutsidya kwa nyanja, kudziko lozizira la azungu, m'dera lotchedwa Etobicoke, m'nyumba yosanja imene ndege zinkadutsa pamwamba pake motsika kwambiri mpaka makapu kulira m'kabati. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo Anti ankagwira nawo ntchito komweko, koma mashifiti osiyana. Chitseko chawo chinali moyang'anizana ndi chathu. Sukulu itatsekera m'nyengo yotentha, awiriwa anapangana kuti amayi akakhala kuntchito ine ndizikhala kwa Anti. M'mawa uliwonse amayi ankandikankhira pakhomopo ndi mawu amodzimodzi: "Ukamvere, usakandichititse manyazi." Ine ndinkayankha m'Chingerezi monga ankachitira ana onse a Amalawi amene tinkadziwana nawo, amayi n'kupukusa mutu n'kuthamangira basi.

Anti anali a ku Philippines. Ankati dziko lawo si logwirana ngati lathu, koma zilumba zambirimbiri zomwazikana m'nyanja yamchere, ndipo chakwawo chinali chaching'ono, choti wanjinga amachizungulira dzuwa lisanalowe. Kumeneko n'kumene kunali mwini phazi uja, mwana wawo wamkazi, wobadwa chaka chimodzi ndi ine. Anamusiya kwa agogo ake ali ndi zaka zitatu, ndipo chichokere anali asanamuonenso.

Masana, mpunga ukupsa, tinsomba touma tikukazingidwa mpaka fungo kukafika palifiti, Anti ankandisimbira za kwawo. Mabwato a kumeneko ali ndi mikono yansungwi mbali zonse ziwiri kuti mafunde asawagubuduze. Anyamata amakwera mitengo ya kokonati opanda chingwe, chikwanje chili m'chiuno. M'minda ya mpunga mumalima njati, njati zenizeni zanyanga, ndipo madzulo ana amazikwera pamsana popita kukazisambitsa. Ichi amayi atachimva tsiku lina anachikana kwamtuwagalu. Iwo anakulira ku Dedza, ndipo njati imene ankaidziwa ndi yoti ukaiona, kwera mumtengo. Za mphepo yamkuntho, imene ikamabwera anthu amamangirira madenga ndi zingwe, anazimvetsera atagwira kukamwa, kenako anafunsa: "Nanga madzi akakwiya, mbali zonse ndi nyanja, mumathawira kuti?" Anti anaseka, nati amathawira pachitunda pamene pali tchalitchi, ndipo akabwerera amayamba kufunafuna malata awo m'minda ya anzawo.

Ine nkhanizi zinkandiledzeretsa. Ndinkagona chagada pakapeti, kafani kakundiuzira kumaso, ndipo phokoso la ndege linkasanduka mafunde. Nyumba yathu inkasanduka chilumba. Malo oimika galimoto pansi paja ankadzaza madzi obiriwira, magalimoto n'kumera mikono yansungwi, njati n'kumasambira pakati pawo mphuno zokha zili pamtunda. Mwana uja ndinkamuona akubwera pamchenga, koma nthawi zonse ndi phazi limodzi, poti ndi lokhalo limene ndinkalidziwa. Ndinkamukonda nthawi imeneyo, ndinene chilungamo. Ndinkafuna andikweze panjati yake.

Chinasokoneza chikondicho ndi bokosi. Pabalaza pa Anti panali chibokosi choti ine ndikanakhalamo osapinda khosi. Anthu akwawo ali ndi mwambo wake: amene ali kunja amadzaza bokosi pang'onopang'ono kwa miyezi, kenako n'kulitumiza pa sitima yapamadzi kuti likafike Khirisimasi isanakwane. Munkalowa sopo, matawulo, nyama yam'zitini, khofi, chokoleti chokulungidwa m'masokosi kuti chisaphwanyike. Madiresi ankayezera pamsana panga. Ankanditembenuza, kundisalaza m'mapewa, kundikonza kolala, kenako n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayesa akusirira kukongola kwanga, kalanga ine. Akatero ankapinda diresi lija n'kuliika m'bokosi, ine n'kutsala ndi malaya anga akale. Diresi loyamba ndinapirira, lachiwiri ndinapirira, koma pofika lachitatu kaduka kanali katamera mizu.

Chotsala chinali nsapato. Zinali pawindo la sitolo ina kumene tinkapita ndi Anti tsiku lawo lopuma: zofiira, zonyezimira, zokhala ndi kalamba ndi kachitsulo kam'mbali. Ine nsapato zondikwana ndinali ndisanavalepo. Amayi ankandigulira zokulira nazo, n'kufinyira nyuzipepala kuzala kuti zisamavuke, monga ankachitira makolo awo. "Phazi la mwana lili ngati dzungu, umangodzuka lakula," ankatero. Ndinawamva akuuza Anti zomwezo, kuti pepala lija latha chaka lili pafiliji, alembere kalata kwawo awatumizire lina. Anti anayankha kuti mwezi wamawa. Mwezi wamawawo sunkafika.

Nzeru zanga za nthawi imeneyo zinali zakuti nsapato ndi za phazi limene zalikwana. Tsiku lina masana Anti atagona pasofa chifukwa cha kutopa, ndinathothola pepala m'kope langa, ndinaponda, ndinajambula phazi langa ndi cholembera cha buluu. Pachala chachikulu ndinadutsitsa mzere kawiri dala, mmene ndinalili wochenjera. Ndinaliika pansi pa kansomba kaja. Pepala lenilenilo ndinalikwinya n'kulibisa pamalo pamene palibe akanadabwa kupezapo pepala: kuzala kwa nsapato yanga yakumanja, pamodzi ndi nyuzipepala ya amayi.

Anti atadzuka anapita kukatenga madzi akumwa. Anaima kutsogolo kwa filiji, dzanja lili pachigwiriro, osatsegula. Anaima choncho mpaka ndege ziwiri zinadutsa. Kenako anagwada n'kusuzumira kunsi kwa filiji, anatenga tsache n'kukokolola fumbi lonse, anakhuthula bini pansi n'kufufuza ndi manja. Atatopa anatembenukira kwa ine, nafunsa motsitsa mawu ngati ndaona pepala lina. Ndinaloza pafiliji n'kunena kuti pepala si ilo. Bodza linatuluka losalala ngati ndinabadwa nalo.

Sanandikalipire. Loweruka lake anatenga pepala langalo, tinapita kusitolo, ndipo wogulitsa anaika nsapato zofiira pamwamba pake mpaka anapeza zofanana nalo. Mtima wanga unali dyokodyoko ulendo wonse wa pabasi. Titafika kunyumba ndinavula kale nsapato zanga pakhomo, kudikira. Anti analonga sopo m'kati mwa nsapato zija kuti malo asawonongeke, anazikulunga m'tawulo, n'kuziika m'bokosi.

Masiku otsatira nkhani za kuchilumba zinatha. Mpunga unkapsa mwakachetechete. Ndinkagona pakapeti paja kuyesa kuitana madzi obiriwira, koma ndege zinkangokhala ndege, magalimoto n'kungokhala magalimoto. Ndipo kulikonse kumene ndinkapita, kupaki, kutchalitchi, kukataya zinyalala, ndinkamva kanthu kakundikhudza kuzala zakumanja. Thukuta la nyengo yotentha linkachita ntchito yake. Ndinkadziwa kuti ndalakwa, koma ndinkayesa kulakwa kwanga n'kwakuti ndinafuna kuba nsapato. Zoti ndaba kale chinthu china sizinkandibwerera m'mutu.

Anandigwira ndi amayi, tsiku lochapa nsapato. Anatulutsa nyuzipepala yakumanzere n'kuitaya, anatulutsa yakumanja, kenako anaima. Anafunyulula kapepala konyowako pang'onopang'ono pabondo pawo. Ndinayembekeza mbama, ndipo ikanandipepukira. M'malo mwake anayatsa simbi, anayala nsalu pamwamba pa pepalalo, n'kulisita mosamala ngati malaya a ukwati. Linawongoka ndithu, koma inki inali itayenderera, zala ziwiri zitafufutika, ndipo kabanga kadothi kaja kunalibenso.

"Tiye," anatero amayi. "Ukapereka ndi manja awiri, utagwada. Ndipo lero ulankhula Chichewa, Chingerezi chako chikakuthandize kwina."

Ndinagwada pakhomo pa Anti, m'khonde momwe anthu ankadutsa ndi mabasiketi a zochapa, n'kunena kuti pepani, ndalakwa. Anti Chichewa sankachimva, koma sanafunse tanthauzo. Analandira pepalalo, analiyang'ana, kenako analifikitsa kumaso n'kulinunkhiza maso atatsinzina. Atatsegula maso anandiyang'ana.

"Tsopano likununkha iwe," anatero.

Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Amayi nawonso analira, ndipo zimenezi zinandidabwitsa kwambiri, poti pepala silinali lawo. Ndikuganiza lero kuti ankakumbukira agogo anga ku Dedza, amene nawonso ankangondidziwira pazithunzi. Atapukuta maso anauza Anti mwambi wa kwathu, woti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo anavutika nawo kuumasulira m'Chingerezi mpaka onse awiri anayambanso kuseka. Ine ndinali chigwadire, mawondo akuwawa, palibe wondiuza kuti ndidzuke.

Sabata yoti sukulu itsegulidwe, amalume anga anabwera kuchokera kutauni ya Oshawa kudzathandiza kumanga bokosi. Analizunguliza tepi mpaka kuoneka ngati lavulala, ine ndinakhala pamwamba kuti litsekeke, ndipo anthu awiri analitsitsa palifiti akubuula. Nsapato zofiira zinapita choncho. Ndinaima pawindo kuyang'ana galimoto imene inalinyamula, ndipo kwa kanthawi kochepa madzi obiriwira aja anabwereranso, galimotoyo n'kumera mikono yake yansungwi.

Yankho linafika chipale chofewa chitagwa kale. Anti anagogoda kwathu atagwira kalata, nati bokosi lafika bwino, chokoleti chinasungunuka koma anthu anachinyambita chomwecho, ndipo nsapato zamukwana mwanayo ndendende, osatsala malo ngakhale a chala. Ine ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinauza amayi kuti mwaona, pakanapanda ine zikanamuthina, ndipo ndinayembekeza kuti wina anena zikomo. Amayi ananditsina pamkono kuti ndikhale chete.

Anti anangoti, "Ndiye kuti wakula," n'kupinda kalata ija kanayi.

Tsiku lotsatira nditalowa kwawo ndinapeza pafiliji pali mapepala awiri pansi pa kansomba kaja: langa kumbuyo, la mwana wawo losita lija kutsogolo, atalidula motsatira mzere n'kulinganiza zidendene. Phazi langa linkasuzumira m'mbali monse mwa phazi lakelo, malo okwana chala chimodzi cha munthu wamkulu. Anti akamadikira madzi a tiyi kuti awire, ankayendetsa chala pa kampata kameneko, kuchokera kuchidendene kuzungulira mpaka kuzala.

Ine ndinkanyada kuti phazi langa lakhala pafiliji ya Anti, ndipo anzanga onse ndinawauza. Ndinkati akuonetsa alendo kuti wamkulu ndani pa ana awirife. Sindinkadziwa kuti iwo anadziwa zonse kuyambira tsiku loyamba lija, kuti anagula nsapato potsatira phazi langa chifukwa linawauza chimene ankaopa kufunsa m'kalata. Sindinkadziwanso kuti kampata kamene ankakasisita ndi chala kanali chaka chathunthu cha mwana wawo, chimene chinadutsa iwo ali kuno, akuyezera madiresi pamsana pa mwana wa eni.